Bwalo Lokula Mbali Imodzi

A Arlen Skogen anali munthu woti ukawatuma mkaka kusitolo, uwapeza ataima pakati pa msewu akuyang'ana mtambo. Sikuti mutu wawo unali wosakoka ayi. Anangokhala ndi maso osachedwa kubedwa. Mayi awo, amene ndinawapeza ali moyo pamene ndinkakwatiwa kuno ku Brekke, ankati mwana wawoyo anabadwa mochedwa chifukwa anaima panjira kuonerera kena kake. M'kwaya ya tchalitchi chathu cha Lutherani ankaimba mokoma ndithu, koma nthawi zina ankatsalira pa ndime yoyamba ife tili pa yachitatu, poti mawu ena awakomera ndipo sakufuna kuwasiya.

Sanakwatire. Ankakhala m'kanyumba kamatabwa kuseri kwa nkhokwe zazitali za tirigu, ndipo kuyambira unyamata wawo ntchito yawo inali yosamala bwalo la mpira la sekondale yathu. Sukuluyo itatsekedwa, ana athu n'kuyamba kukwera basi kupita ku tauni ina, palibe amene anakumbuka kuwauza a Arlen kuti ntchito yatha. Iwonso sanafunse. Chisanu chikangotha, mphepo ya ku Canada n'kuleka kuluma, tinkamva makina awo otchetchera udzu akung'ung'udza m'mawa, kupita ndi kubwera, kenaka zii kwa kanthawi. Zikatero tinkadziwa kuti china chawadutsa m'mwamba.

Bwalolo linali ndi tsiku limodzi lokha la masewero pa chaka. Brekke ali pamalire enieni a zigawo ziwiri, mwakuti msewu wodutsa kuseri kwa bwalo ndi wa anzathu a Kum'mawa. Ndiye mwezi wa Juni uliwonse, anyamata odziwa mpira koposa amene angomaliza kumene sekondale m'masukulu ang'onoang'ono a kwathu kuno ankakumana ndi anzawo a Kum'mawa. Ndikunena mpira wathu uno wonyamula m'manja, wogundana mapewa. Mnyamata aliyense ankavala chisoti cha sukulu yakwawo, choncho akafola pa kapinga ankaoneka ngati maluwa obzalidwa ndi mwana: chofiira apa, chobiriwira apo, chagolide pakati. Kwa ambiri a iwo limenelo linali tsiku lomaliza kuvala chisoti moyo wawo wonse.

Vuto linalipo kuyambira pachiyambi. Kwathu kuno masukulu ang'onoang'ono amasewera anthu asanu ndi atatu mbali iliyonse, pa bwalo lopapatiza. A Kum'mawa amasewera asanu ndi anayi, ndipo anazolowera bwalo lotambalala. Makolo athu anakangana nyengo yonse yachisanu m'chipinda chapansi cha tchalitchi, mpaka anagwirizana kuti theka loyamba la masewero lizikhala lathu, lachiwiri lawo. Zaka zoyamba ankajambuliratu mizere yonse iwiri, woyera mkati, wachikasu kunja. Chaka china mnyamata wa Kum'mawa anathamanga pakati pa mizere iwiriyo mpaka kukagoletsa, lisanakwane theka lawo. Azibambo anatolerana mipando. Malemu amuna anga a Wendell, mkulu wa mpingo wathunthu, anabwera kunyumba malaya atang'ambika, n'kumati ankangoleretsa.

Pamenepo m'pamene a Arlen anapita kwa ozimitsa moto kukapempha mapayipi akale, aja ansalu amene amagona phwatalala akakhala opanda madzi. Anawalumikiza, n'kuwapaka utoto woyera. Mzere wakunja ankaujambula ndi utoto monga mwa masiku onse, koma wamkati unali payipi, imodzi mbali ino, ina mbali inayo, atazikhomera pansi ndi timawaya topinda. Nthawi yopumulira ikakwana, ankazula timawayato n'kukulunga mapayipiwo, ndipo bwalo linkakula anthu akuona.

Sindidziwa mmene ndingafotokozere chinthu chimenechi kwa munthu amene sanachione. Kwina konse nthawi yopumulira ndi yothamangira khofi ndi soseji. Kwathu anthu ankangokhala. Bandi ya achikulire inkaimba kanyimbo kodekha, kokhakokhako chaka ndi chaka, ndipo a Arlen ankayambira pa ngodya, atawerama, kukunkhuniza payipi patsogolo pawo. Mkulungowo unkayamba ngati mbale, n'kukula ngati gudumu la njinga, n'kufika m'chiuno mwawo. Kumbuyo kwawo kunkatsala kamzere ka udzu wogona, kamene kankadzuka pang'onopang'ono mpaka kusowa. Akamaliza mbali imodzi ankadutsa pakati pa bwalo osathamanga, manja ali kumbuyo, kukayamba inayo. Ine ndinkamva ngati bwalolo lakhala litagwira mpweya theka lonse, tsopano likupuma. Zinkandikumbutsa salimo lija lonena za kuimikidwa pamalo otakasuka, ngakhale sindinauzepo munthu, kuopa kusekedwa.

Koma zaka zikupita, anyamata anayamba kuchepa. Amene apeza malo ku makoleji ankaletsedwa ndi makochi a kumeneko: usakathyoke mwendo pa masewero achabechabe. Kenaka anakumba zitsime za mafuta kumpoto kwathu, ndipo mwana akangolandira satifiketi, mawa lake ali m'lole kupita kukagwira ntchito. Ena makolo awo ankangokana. Komiti ya Kum'mawa inayamba kunong'ona zosamutsira masewerowo ku mzinda, komwe kuli kapinga wapulasitiki ndi magetsi. Khonsolo yathu nayo inanena poyera kuti chaka chimene masewero adzalephereke, bwalolo idzalibwereketsa ku kampani ina ya mafuta kuti iikepo makalavani ogonamo antchito ake. Aliyense ankadziwa zimenezi. A Arlen nawo ankadziwa, ngakhale sanazitchulepo.

Chaka chimene ndikunenachi athu anabwera khumi okha.

Amayi a mpingo tinkadyetsa matimu onse awiri dzulo lake la masewero. Tinaphika mbatata ndi nyama yogaya m'ziwaya zikuluzikulu, ndi makeke a rubabu, chomera chowawasa cha m'dimba mwanga. Ndinkayenda ndi ketulo ya khofi pakati pa matebulo, ndipo ndinamva makochi awiriwo akuyambana monga ankachitira chaka chilichonse. Wathu anali a Duane Kessel, wawo a Merle Lindahl. Anadziwana ali anyamata pa bwalo lomwelo, wina atathyola mnzake mphuno, ndipo mpaka lero sagwirizana kuti anayamba ndani.

"Duane, enawo ali kuti?" anatero a Merle, akuwerenga ndi foloko. "Kapena akubwera pa bulu?"

"Ife sitibwera ndi mudzi wonse ngati tikupita kumaliro. Awa akukwanirani."

"Khumi, aise. Kwathu khumi ndi anthu onyamula madzi."

"N'chifukwa chake mumasewera asanu ndi anayi. Wachisanu ndi chinayiyo ntchito yake ndi kukumbutsa anzake kumene kuli golo."

Anyamata anaseka. A Merle nawo anaseka, koma atatsitsa mawu anati, "Zoona, Duane. Wina akangopweteka, utani?"

"Sapweteka."

"Wapangana ndi ndani?"

"Ndi mayi Hauge awa. Amatipempherera. Si choncho, mayi?"

Ndinawauza kuti ndimapempherera ana a mbali zonse ziwiri, ndipo a Merle anati n'chifukwa chake zinthu sizikuyenda, kumwamba akusokonezeka.

A Arlen anali pa tebulo lakumapeto, chakudya chikuzizira, akuyang'ana zisoti zimene anyamata anandandalika pa shelefu ya mabuku a nyimbo.

"Idyani, a Arlen," ndinatero.

"Mayi Hauge, chija chabuluu chokhala ndi kambalame mwachiona? Sukulu imeneyo akuitseka chaka chino. Mwanayo ndiye womaliza kuchivala."

"Ndamva. Idyani kaye."

"Ndinalota bwalo likukulirakulira," anatero, ngati akupitiriza nkhani imene tinaiyamba kale. "Ine ndikukulunga, payipi osatha. Ndinadutsa nkhokwe, ndinadutsa njanji. Tirigu yense anasanduka kapinga. Ndiye ndinkadandaula kuti nditchetcha liti zonsezi."

"Munakafika kuti?"

"Sindinafike. Galu wa a Kessel anandidzutsa."

Masewero ankayamba dzuwa litapendeka, chifukwa masana a Juni amatentha, ndiponso alimi amafuna kumaliza kaye ntchito. Magetsi a bwalo anawazula pamene sukulu inatsekedwa, choncho dzuwa ndilo linali nyale yathu. Likangobisala kuseri kwa nkhokwe za tirigu, woyimbira mpira sankalola kuti ana apitirize. Zaka zonse nthawi inkakwana bwinobwino, bola pasakhale zochedwetsa.

Tsikulo kunali bata lachilendo. Thonje lothothoka m'mitengo ya m'mbali mwa njanji linkayandama mumlengalenga osafuna kutera, ndipo phokoso la zisoti zikagundana linkafika kwa ife mochedwa, ngati likuchokera kutsidya kwa mtsinje. Theka loyamba lisanafike pakati, mnyamata wathu wina anabinya bondo ndipo anamunyamula. Chakumapeto kwake wina anagunda mutu pansi. Anadzuka yekha, akuti ali bwino, koma namwino atamufunsa dzina la tauni yakwawo anatchula la agogo ake. Anamulanda chisoti. Athu anatsala asanu ndi atatu, opanda wolowa m'malo, ndipo theka lotsatira linali la asanu ndi anayi.

Makochi ndi woyimbira anakumana pafupi ndi tebulo lathu la khofi, choncho ndinamva zonse.

"Wachisanu ndi chinayi wanga akhala pansi, zimenezo si nkhani," anatero a Merle. "Koma bwalo likule. Ana anga athamanga m'kakhola kanuka theka lonse, akugundana zigongono ngati nkhumba pa chodyera. Tsopano ndi nthawi yathu."

"Ana asanu ndi atatu otopa, pa bwalo lonselo? Ukufuna ndikawatengere kumanda?"

"Pangano ndi pangano, Duane. Sindinalipange ine."

"Pangano linati asanu ndi anayi. Walithyola kale wekha."

"Ndalithyola pokuchitira chifundo, mdala iwe. Ukufuna ndikupatsenso ndi nsapato zanga? Taona kumbuyo kwangaku. Akomiti akhala apo, magalimoto analoza kale kumzinda. Ndikangovomera bwalo lanu theka lachiwiri, sabweranso kuno."

"Ndipo ine ndikavomera lanu, mwana wina akagona kuchipatala. Ukawauza ndiwe amayi ake?"

Woyimbira, munthu wamfupi wochokera kutali, anayang'ana dzuwa n'kunena kuti iye alibe mbali, koma akapanda kugwirizana msanga alemba kuti masewero sanathe. Mawu amenewo anayenda m'mabenchi ngati moto wa m'ziputu. Ndinaona wapampando wa khonsolo akuyang'ana pansi.

Koma bandi sinauzidwe kanthu. Inayamba kanyimbo kake nthawi yake itakwana, ndipo a Arlen, amene anali patali pa ngodya ya kumpoto, anawerama n'kuzula kawaya koyamba.

Mkangano unapitirira, koma anthu anayamba kutembenuka mmodzimmodzi. A Arlen anali atakalamba chaka chimenecho. Mkulungo utafika m'mawondo ankaukankha ndi thupi lonse, kuima, kupuma, kukankhanso. Udzu unkadzuka kumbuyo kwawo. Atafika kumapeto anaugoneka pansi, n'kudutsa pakati pa bwalo, manja kumbuyo. Anafika pa ngodya ya kummwera, pafupi ndi ife. Anawerama, dzanja n'kugwira kawaya. Kenaka anaweramuka opanda kanthu m'manja, nkhope ili kumwamba.

Tonse tinayang'ana kumene ankayang'anako. Kutali kwambiri m'mwamba munali mbalame zija zazikulu zoyera, za milomo ngati thumba, zimene zimabwera ku madamu athu nyengo yotentha. Zinali zambiri, zikuzungulira pamodzi. Zikatembenukira kudzuwa zinkawala mbee, zikatembenukira kwina zinkasoweratu, ngati wina akutsegula ndi kutseka dzanja. Bandi inamaliza nyimbo, n'kuyambiranso, poti sinazolowere kumaliza a Arlen asanamalize.

Ndinatenga kapu ya madzi n'kupita pamene anaimapo. Ankapuma mwamphamvu, ndipo milomo yawo inali yotuwa.

"A Arlen, muli bwino?"

"Taonani, mayi Hauge. Sizikukupiza n'komwe mapiko. Mphepo yake ikuchokera kuti, pansi pano pali zii chonchi?"

"Imwani madzi. Anthu akudikira payipi iyi."

"Akudikira?" Anamwa pang'ono, maso osawatsitsa. "Ndimayesa akadakambirana."

Mpaka lero sindidziwa chimene chinawaimitsa. Kaya ndi mbalamezo, kaya ndi chifuwa, kaya anamva zambiri kuposa mmene tinkaganizira. Ndinawafunsapo kamodzi patapita nthawi, ndipo anandiyankha za mbalame.

Amene anayamba kusuntha ndi anyamata. Anali atatopa ndi kukhala pansi, matupi akuzizira. Wa chisoti chabuluu uja anadzuka n'kulowa m'bwalo, anzake n'kumutsatira, a Kum'mawa nawonso. Anafola moyang'anana pa bwalo mmene linalilimo: lotambalala kumpoto, lopapatiza kummwera. Woyimbira anathamangira komweko akupukusa mutu.

"Bwalo lotere mulibe m'buku lililonse," anatero.

A Merle anayang'ana payipi yotsalayo, anayang'ana dzuwa, kenaka a Duane.

"M'buku lanu mulibe?"

"Mulibe."

"M'lathunso mulibe. Ndiye palibe akubera mnzake. Imbani wezulo, bambo, kusanade."

Sindinaonepo mpira ngati umenewo. Aliyense wonyamula mpira ankathawira kumpoto kumene kunali malo, mwakuti masewero onse anapendekera mbali imodzi ngati madzi m'beseni lopendama. Mitengo ya golo sinalinso pakati, ndipo womenya mpira wa Kum'mawa, mwana amene ankati saphonya, anaima n'kumayang'ana uku ndi uku ngati wasochera m'nyumba yakwawo, n'kuphonya. Anthu a mbali zonse anaseka mpaka misozi. Kenaka kuseka kunatha, kunangotsala kupuma kwa ana ndi zithunzithunzi zawo zikutalika pa udzu, kufikira zinatalika kuposa bwalo, n'kuwoloka msewu kulowa Kum'mawa. A Arlen anaonerera zonsezo atakhala pa udzu pomwe paja, pafupi ndi kawaya kamene sanazule.

A Kum'mawa anapambana, osati ndi zambiri. Wezulo yomaliza inalira dzuwa litakhudza denga la nkhokwe. Palibe mwana wina anapweteka.

Makomiti awiri anakumana tirigu atakololedwa, m'chipinda chathu chomwe chija, ine ndikuthira khofi. Woyimbira uja anali atadandaula kwa akuluakulu ake, ndipo iwo anati satumizanso munthu ku masewero a bwalo loyendayenda. Wina anati payipi ikhoza kukola mwana phazi, n'zodabwitsa kuti sizinachitikepo. Nkhani ya kumzinda inatuluka, ndipo inatenga nthawi. Pomaliza a Merle anaimirira.

"Tisanamizane. Nafenso ana akutha. Chaka chamawa mwina ndine ndidzabwere ndi khumi. Tizisewera asanu ndi atatu basi, bwalo lopapatiza, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, konkuno. Koma Duane asaganize kuti wapambana."

"Ndaganiza kale," anatero a Duane.

Anakweza manja, ndipo zinadutsa. Masewero akhala ku Brekke, makalavani akapeze kwina. Mizere ikhala ya utoto, payipi ayi. Atamaliza anayang'anana kuti akawauze ndani a Arlen, ndipo maso onse anathera pa ine, poti ndimakhala nawo benchi imodzi m'kwaya.

Ndinawapeza m'mawa mwake pa bwalo, akuthira mbewu ya kapinga m'malo operepeseka. Ndinayamba ndi nkhani yabwino. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Kenaka ndinawauza inayo.

"Ndiye silizikulanso," anatero.

"Ayi."

"Nanga abandi aziimbira chiyani?"

"Sindikudziwa, a Arlen. Mwina azingoimba."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana kumpoto, anayang'ana kummwera, ngati munthu amene akuyeza chipinda chimene akusamukamo.

"Komabe likhalapo," anatero. "Ana aziponda udzu weniweni." Anavala chipewa n'kutola chidebe chawo. "Pepani, mayi, mwaponda pomwe ndafesa."

Juni wotsatira a Arlen anajambula mzere wamkati ndi utoto, koyamba chibwerere mapayipi aja, ndipo unali wowongoka ndithu kupatula pamalo amodzi chapakati, pamene unakhota pang'ono n'kubwerera. Palibe anadandaula. Nthawi yopumulira itakwana bandi inaimba, anthu anakhala kanthawi osadziwa choyang'ana, kenaka anadzuka kukagula soseji monga amachitira kwina konse.

Kunja kwa mizereyo kunatsala timinda tiwiri ta kapinga, kumpoto ndi kummwera, tomwe palibe mwana amathamangapo. A khonsolo anauza a Arlen kuti asamavutike nato. Iwo amatitchetcha ndi kutithirira chimodzimodzi ndi bwalo lonse, ndipo poti sitipondedwa ndi nsapato za misomali, udzu wake ndi wofewa kuposa wina uliwonse m'tauni muno. Amayi a makanda anayamba kuyala mabulangete pamenepo. Chaka chatha ndinaona a Arlen atagona chagada pakati pawo, masewero ali mkati, kamwana ka eni ake katawatsamira pamimba, onse awiri ali m'tulo.